Mawu a Bambo pa Tepi

1. Pakamwa payamba pokha

Hazel Ramsden anali mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, wofatsa, wa mtundu uja woti aphunzitsi amachita kuiwala kuti ali m'kalasi. Ankakhala ndi amayi ake ku Huddersfield, m'kanyumba ka njerwa zodetsedwa ndi utsi wa mafakitale a nsalu. Bambo ake, a Norman, anali atamwalira zaka zisanu m'mbuyomo. Kusukulu analibe mnzake weniweni, ndipo nkhani imeneyi inkamudya mumtima kuposa momwe amayi ake ankadziwira.

Lachisanu lina m'chaka cha 1973, ali m'basi yobwerera kunyumba, anamva Denise Pickering akudandaula kumpando wakumbuyo. Denise ameneyu ndiye ankalamula atsikana onse a m'kalasi mwawo. Iye akaseka, onse ankaseka, ngakhale nthabwalayo ikhale yozizira bwanji.

"Loweruka la sabata yamawa kuli phwando la tsiku langa lobadwa, koma nyimbo ndilibe," anatero Denise. "Mchimwene wanga wasamukira ku Leeds ndi malekodi onse. Ndiye tizikavina chiyani, kulira kwa ketulo?"

Palibe anafunsa Hazel. Pakamwa pake panangoyamba pokha.

"Kwathu kuli makina ojambulira mawu. Nditha kukujambulira nyimbo za pa wailesi, zija makumi awiri amaika Lamulungu madzulo."

Denise anatembenuka ndi kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Aa, kodi iwe umalankhula?" Atsikana onse anafa nacho chiseko. "Chabwino. Ine ndi mnzanga Jackie tibwera kwanu Lamulungu 6 koloko. Ukatijambulira, kuphwando ubwere. Ukatinamiza, usadzatiyandikirenso."

Hazel anatsika basi mtima uli m'mwamba. Mvula inkawaza, koma iye anaiwala ngakhale kutsegula ambulera.

2. Bokosi la pamwamba pa kabati

Makinawo anali a malemu bambo ake, chimakina cholemera cha mawilo awiri ozunguza tepi. M'nyumbamo munali matepi awiri okha. Ina inali yakale, yoseweretsa Hazel. Inayo inkakhala m'bokosi lobiriwira pamwamba pa kabati, ndipo inkagwiridwa ndi amayi okha.

A Norman anali dalaivala wa galimoto ya buledi, koma mtima wawo unali pa zisudzo. M'chaka cha 1967 mwayi unawagwera. Anaitanidwa ku London kukasewera m'gawo limodzi la sewero lija la Loweruka madzulo pa wailesi yakanema, la anthu oyenda m'mlengalenga, lija ana ankaonera atabisala kuseri kwa mipando. Iwo anali mlonda wa mgodi pa dziko lina la madzi oundana. Analankhula kakhumi ndi kamodzi basi, kenako zilombo zinathyola chitseko ndi kuwapha.

Tsiku loonetsa gawolo, amayi anagwada pafupi ndi kanema atagwira maikolofoni mpaka sewero kutha. A Norman analamula kuti m'nyumba mukhale zii. Koma pamene mlonda uja anagwa, Hazel, ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, anakuwa kuti, "Adadi, dzukani!" Bambo ake anaseka, namuyankha kuti, "Ndili pano, kamwana iwe, ndili pano." Zonsezi tepi inatola.

Pa bokosipo a Norman analemba ndi dzanja lawo kuti, "Ine ndiyambira pa 180." Makinawo anali ndi kazenera ka manambala oyenda, osonyeza pamene tepi yafika. Chaka chotsatira, nthenda ya mtima inawatenga. Mawu awo sanatsale pena paliponse koma pa tepi imeneyo.

3. Chenjezo la amalume

Lamulungu, atatha kudya nyama yootcha ndi mbatatesi, amayi anavala chikhothi nati akupita kwa mng'ono wawo ku Brighouse, abwera ndi basi ya 7 koloko. Anaoneka osakondwa tsiku lonse, koma Hazel sanafunse. Mutu wake unali pa nyimbo.

M'nyumba munatsala amalume ake, a Wilf, mchimwene wa amayi. Iwowa anagwirapo ntchito zaka zambiri ku London, m'chipinda chosungira matepi ku kampani ya kanema yomwe inapanga sewero lija. Anabwerera kwawo chifukwa cha chifuwa, ndipo Lamulungu lililonse ankabwera kudzadya kwa mlongo wawo.

Hazel anaika tepi yake yakale kuti ayese makina. Sanazungulire ndi kawiri komwe. Kunamveka phokoso, tepi ija inakodwa, inatuluka ili mapiringupiringu ngati matumbo a nkhuku. Amalume anayesa kuiwongola ndi pensulo, koma inadukaduka m'manja mwawo.

"Yatha ntchito iyi," anatero. "Ukagule ina mawa."

"Mawa? Amalume, nyimbo ndi lero! Anzanga akubwera 6 koloko!"

"Nanga lero ndi tsiku lanji? Pita kaone ngati ukapeze sitolo yotsegula Lamulungu. Ngakhale singano sungagule."

Hazel anagwira njakata. Maso ake anakwera pang'onopang'ono mpaka pamwamba pa kabati. Amalume anawaona masowo, ndipo anaika kapu ya tiyi pansi.

"Mwana iwe, khala apa," anatero. "Ndawaona maso akowo. Usayerekeze."

"Koma kumapeto kwake kuli malo opanda kanthu. Sewero limathera pakati. Ndingojambula kotsalako."

"Tamvera. Ine matepi ndakalamba nawo. Tepi siili ngati kope, loti ukalemba zina pamwamba umatha kuwerengabe zapansi. Ukadina batani lofiira lija, makina amayamba afufuta, kenako n'kulemba. Zofufutikazo sizipita m'dzala kuti ukazitole. Zimangotha. Palibe katswiri, palibe dokotala, palibe mfumukazi ingazibweze."

Anatsokomola kwa kanthawi, napitiriza.

"Ndipo usamaganize ngati anthu ambiri, kuti ku London amasunga chilichonse chomwe anaonetsa. Bodza limenelo. Matepi a zithunzi ndi akuluakulu, malo osungira ndi ochepa. Sewero likaonetsedwa, pakapita zaka ziwiri zitatu, kumabwera pepala. Timatenga tepi, timaiika m'makina ofufutira, mphindi zochepa yayera, mawa ajambulirapo mpira. Ine ndi manja angawa ndafufuta masewero oposa mazana. Anthu anatuluka thukuta, ena anamwalira kale, ine n'kumangodina batani uku ndikuganiza za tiyi wa 10 koloko. Lero ndikakumbukira ndimachita manyazi."

"Ndiye la adadi anafufutanso?" anafunsa Hazel.

"Sindikudziwa. Ndinachokako lisanafike m'manja mwanga. Koma usaikepo mtima. Mayi ako nkhope ya bambo ako amaiona pa chithunzi. Mawu awo ali m'bokosi limenelo basi. Nyimbo zakozi mwezi wamawa uzidzazimva ngati phokoso, ndipo anzako amene akufuna nyimbo osati iweyo adzapita nazo limodzi. Wandimva?"

"Ndamva, amalume."

"Undiyang'ane. Wandimva?"

"Ndamva."

A Wilf anavala chipewa 5 koloko, napita kukadyetsa nkhunda zawo. Chitseko chisanazizire, Hazel anali atakoka kale mpando kupita nawo pa kabati. Anadziuza kuti amalume amakonda kukokomeza zinthu. Kampani yaikulu chonchija ingataye bwanji sewero lomwe dziko lonse linaonera?

4. Alendo afika

Denise ndi Jackie anafika nthawi yake, atavala nsapato zazitali zidendene. Denise anaponya maso pabalaza ponse, pa makatani ofwifwa ndi pa moto wa malasha.

"Ndiye makina ake ndi amenewa? Ee, akulu ngati chitofu! Amaphikanso?"

Jackie anaseka. Hazel anasekanso, ngakhale sizinamusangalatse. Anali atazunguza kale tepi kudutsa sewero lonse mpaka pamalo opanda kanthu. Anaimika maikolofoni kutsogolo kwa wailesi, nawapempha kuti asamalankhule nyimbo ikayamba.

Woulutsa anayamba kuwerenga kuchokera pa nambala 20 kutsika m'munsi. Hazel anafuna kuti adikire mpaka pa nambala 7, kuti malo akwane. Koma Denise sanali munthu wodikira.

"Iyi ndimaikonda! Jambula!"

Hazel anajambula.

"Iyinso! Iwe, ukugona? Dina!"

Anadinanso. Nyimbo iliyonse Denise ankaikonda. Wilo lakumanzere linkaonda, lakumanja likunenepa. Nyimbo ya nambala 6 ili pakati, tepi inathera, kansonga kake kali phaphapha kumenya makina.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa Denise.

"Tepi yatha."

"Yatha? Zisanu zenizenizo zisanabwere? Ika ina."

"Ndilibe ina."

"Ndiye bweza kumayambiriro. Kuli chiyani kumeneko?"

Hazel anafotokoza mwachidule za sewero, za mlonda wa mgodi, za bambo ake. Jackie anagwetsa nkhope, koma Denise anakweza mapewa.

"Sewero la zilombo za labala lija? Mng'ono wanga ndiye amaonera zimenezo. Iwe, za pa kanema sizisowa. Amabwereza chaka ndi chaka. Ukawalembera kalata akutumizira ina, yomveka bwino kuposa imeneyi."

"Amalume akuti amafufuta."

"Amalume ako a nkhunda aja? Koma abale!" Denise anatenga chikwama chake. "Tiye Jackie. Ndinadziwa ine. Phwando lopanda nyimbo ya nambala wani ndi maliro. Mawa kalasi yonse imva kuti Hazel Ramsden ndi wabodza."

"Dikirani!" anatero Hazel.

Anaganiza mofulumira. Bambo ake ankayambira pa 180. Kuchokera kumayambiriro mpaka pamenepo kunali nyimbo yotsegulira ndi anthu ena akulankhula, anthu osawadziwa. Nyimbo ziwiri kapena zitatu zikanakwana. Akanaimitsa pa 170, ndipo amayi akanakalipa, koma a Norman akanatsala.

Anabweza tepi mpaka kumayambiriro, nabwezanso manambala pa ziro. Woulutsa anali akutchula nambala 4. Hazel anadina batani lofiira.

5. Kazenera ka manambala

Nyimbo ya nambala 4 inatha manambala ali pa 62. Ya nambala 3 inatha ali pa 118. Hazel anagwada pafupi ndi makina, maso ali pa kazenera, chala chili pa batani loimitsira.

Ya nambala 2 inali yovinika. Denise anavula nsapato, nayamba kuvina pa kapeti. Kenako anachita chinthu chomwe mtsikana aliyense wa m'kalasi mwawo sanachitepo. Anatambasula dzanja ndi kumukoka Hazel.

"Dzuka, mnzanga! Ukulondera chiyani pamenepo?"

Mnzanga! Liwu limenelo Hazel anali atalidikira zaka zitatu. Anaimirira, navina. Jackie anamugwira dzanja linalo, ndipo atatuwo anazungulira tebulo akuseka chapansipansi kuti maikolofoni isatole. Nyimbo itatha, Hazel anathamangira pa makina. Manambala anali pa 171.

"Ndipo tsopano," anatero woulutsa, "nyimbo imene ili pamwamba sabata ino!"

Hazel anaika chala pa batani. Sikuti anaiwala ayi. Tisamunamizire kuti sanaone. Anaona bwinobwino, 174, 175, ndipo anadziwa chomwe chinali kutsogolo.

"Usagwire!" ananong'ona Denise. "Imeneyi ndiye tadzera. Ukaimitsa, zonsezi zilibe ntchito."

Hazel anayang'ana Denise, nayang'ana kazenera. 178. 179. Anachotsa chala.

Nyimboyo inali yaitali. Denise ndi Jackie anavina ndi mtima wonse. Hazel anaima chilili, akuona manambala akukwera, 200, 230, 260. Ankadziwa pamtima mawu onse omwe bambo ake analankhula kakhumi ndi kamodzi kaja, ndipo ankadziwa pamene liwu lililonse linali. Anawawerenga akupita limodzilimodzi. Woulutsa atatsanzika, anadina batani. Manambala anaima pa 291.

"Wagwira ntchito," anatero Denise akuvala nsapato. "Loweruka ubwere ndi chitofu chakochi 3 koloko. Uzidzakhala pafupi nacho, uzidzatisinthira nyimbo. Bambo anga sakufuna anthu ambiri patebulo, ndiye udzabwere utadya."

Jackie anatsalira pang'ono pakhomo. Anaoneka ngati akufuna kunena kanthu, koma Denise anamuitana ali pamsewu, ndipo anathamanga.

6. Zimene zinatsala

Hazel anatseka chitseko. M'nyumba munali zii, kupatula wotchi ya pakhoma. Anabweza tepi mpaka pa 170, nayatsa. Mwina amalume analakwa. Mwina pansi pa nyimbo pamatsala kenakake.

Panamveka ng'oma ndi magitala. Anakweza mawu, naika khutu pa makina. Ng'oma ndi magitala basi. Anadikira pamalo pamene mlonda ankakuwa kuti anzake athawe, iye agwira chitseko. Panali mnyamata wina akuimba za chibwenzi chake. Anadikira pamalo pamene kamtsikana kankati adadi adzuke. Panali woulutsa akufunira anthu sabata yabwino.

Pa 291 panamveka kaphokoso, ndipo sewero lakale linabwerera. Anthu a m'mlengalenga ankathamanga m'mgodi. Mmodzi anati, "Mlonda uja watipulumutsa." Wina anayankha kuti, "Tilibe nthawi yomulira." Za mlondayo zinathera pomwepo.

Hazel anamvetsera mpaka kumapeto, akupemphera kuti mwina bambo ake anatsokomolapo, kapena anasuntha mpando ndi kunena kanthu. Koma a Norman anali atalamula kuti m'nyumba mukhale zii, ndipo iwo eni anasunga lamulolo. Nyimbo yotsekera inalira. Kenako panamveka mawu a amayi, achitsikana, osangalala.

"Zimitsa makinawo, Norman, tiyi wazizira."

Hazel anadikira yankho. Panangomveka kuti thapu, kenako nyimbo ya nambala 20.

Anakhala pansi pa kapeti, nalira ngati mwana wakhanda. Analira bambo ake kachiwiri, ndipo ulendo uno kunali kowawa kuposa woyamba, chifukwa panalibe nthenda yoiloza chala. Anayesa kukumbukira mawu aja, "Ndili pano, kamwana iwe." Mawuwo ankawadziwa, koma kamvekedwe kake kanali katayamba kale kumuthawa.

Chiyembekezo chinatsala chimodzi. Anang'amba pepala m'kope la masamu, nayamba kulemba. "Okondedwa akuluakulu a kanema, bambo anga a Norman Ramsden anasewera m'gawo lina m'chaka cha 1967." Akanatumiza mawa m'mamawa. Yankho likanabwera amayi asanadziwe kanthu. Denise ananena kuti za pa kanema sizisowa, ndipo Hazel anakakamira mawu amenewo ndi manja awiri.

Anamva kiyi pachitseko. Anabisa pepala m'thumba, napukuta maso ndi mkono wa juzi. Nthawi yobweza tepi m'bokosi inalibe.

7. Kalata ya m'chikwama

Amayi analowa atanyowa. Anakoleka chikhothi, navula nsapato, nakhala pampando wa pafupi ndi moto. Maso awo anali ofiira. Anaona makina patebulo ndi bokosi lobiriwira lili pambali, lotsegula.

Hazel anadikira kukalipiridwa. Koma amayi anamwetulira mwachisoni.

"Nawenso wawasowa lero?" anafunsa. "Usaope, mwanangu, sindikukalipira. Ndi bambo ako, uli ndi ufulu wowamva. Bwera kuno, ndikuuze zimene zandivuta."

Anatsegula chikwama, natulutsa envulopu yoyera.

"Mwezi wathawu ndinalembera anthu a kanema ku London. Sindinakuuze, ndimafuna ndikudzidzimutse. Ndinawapempha kuti ngati n'kotheka tipite tonse awiri, atilole tione gawo lija kamodzi kokha. Ndimafuna uwaone akuyenda, akutembenuka, osati pa chithunzi chongoima. Yankho linabwera dzulo. Ndinalephera kulitsegula ndekha, ndiye chifukwa chake ndinapita kwa mayi ako aang'ono."

"Akuti bwanji?" Mawu a Hazel anatuluka ngati a munthu wina.

Amayi anatambasula kalatayo, koma sanaiwerenge. Anali ataiiloweza kale pamtima.

"Akuti pepani kwambiri. Gawo limenelo linafufutidwa zaka zitatu zapitazo. Afufuza paliponse, palibe chatsala, chithunzi ngakhale mawu." Anapukuta m'maso ndi chala. "Ndiye pamapeto pake afunsa, tamva izi, afunsa ngati ife tili ndi kalikonse kojambula kunyumba. Akuti anthu ena ankajambula mawu pa matepi, ndipo angakonde kubwereka. Iwo eni akupempha kwa ife!"

Pepala lija linkamuwotcha Hazel m'thumba.

"M'basi monse ndimangolira," anapitiriza amayi. "Koma titafika pa mlatho ndinadziuza kuti, Doreen, leka kupusa. Ena amuna awo anapita osasiya ngakhale liwu limodzi. Iwe uli nawo. Bondo linandipweteka tsiku lojambula lija, dzanja linachita dzanzi, koma taona lero. Dziko lonse lino, Norman watsala m'nyumba muno mokha."

Anatsamira pampando, naika mapazi pafupi ndi moto.

"Wachita bwino kuika kale. Usavutike ndi zoyambirirazo, ndatopa. Pititsa pa 180."

Hazel anayenda kupita patebulo. Anabweza tepi. Mawilo anazungulira, manambala akutsika, 400, 300, 200. Anaimitsa pa 180. Anaika chala pa batani loyatsira, koma sanalidine.

Amayi anali atatseka maso, manja ali pachifuwa, nkhope ikudikira.

"Ukuchedweranji, mwanangu?" anatero mofatsa. "Tayatsa, ndiwamve bambo ako."